Lole Yosanyamula Anthu

Chaka cha 1992 dzuwa linaotcha chigwa cha Luangwa mpaka njovu zinaleka kubwera kuminda ya ku Nsefu, poti zikanabwera kudzadya chiyani? Chimanga chinauma chisanafike m'mawondo. Anthu anaphika mango osakhwima, anakumba mizu, ena anagulitsa ndi njinga zomwe. Kenaka kunabwera chimanga chachikasu chochokera kunja, chimene poyamba anachinyoza kuti n'chakudya cha nkhuku, koma posakhalitsa anayamba kuchilota.

Kuti chimangacho chifike kumidzi, mawu ankayenera kutsogola. Bungwe lothandiza pa njala linaika mawailesi olankhulirana m'malo atatu: kudepoti ya ku Jumbe kumene matumba ankafikira kuchokera ku Chipata, kwa mlangizi wa zaulimi kumtunda kumene mtsinje wa Msandile umachokera, ndi pa kachipatala kena ka ku Nsefu. Eni malo ogona alendo odzaona nyama anali nawo kale awoawo, ndipo analowa nawo m'gulumo. Seveni koloko m'mawa ndi folo koloko madzulo aliyense ankatsegula wailesi yake n'kunena zimene waona: msewu uli bwanji, lole yanyamuka liti, mudzi uti watheratu chakudya.

Wailesi ya ku Nsefu inali m'manja mwa Felister Chulu. Anamulemba ntchito yosesa ndi kuwiritsa majakisoni, koma nesi wa pamenepo anali wa ku Kitwe, Chikunda sankachimva, ndipo phokoso la wailesi linkamupweteketsa mutu. Choncho Felister ndiye ankapukuta fumbi pa sola ya padenga, ndiye ankathira madzi m'batire, ndiye ankayankha. Panalinso china chimene chinamukuza. Depoti ya ku Jumbe inali kuseri kwa mapiri, moti sinkamvana ndi wailesi ya kumtunda. Felister yekha ndiye ankamva mbali zonse ziwiri, ndipo uthenga wa kumtunda unkafika kudepoti kudzera pakamwa pake.

Mayi ameneyu anali ndi munthu wake mumtima, ndipo sikuti anali womukonda.

Dzina lake anali Langford Jere, dalaivala wa ku Chipata, mwini wa lole ya buluu imene anagula atapuma ntchito kumigodi. Ankaipukuta loleyo kuposa m'mene ankasambira iye mwini. Pachitseko pake a bungwe anamata chikwangwani chonena kuti galimotoyi ndi ya katundu yekha, yosanyamula anthu. Mwezi wa Sepitembala Langford anabweretsa chimanga pa kachipatala paja. Tsiku lomwelo mng'ono wake wa Felister, Peggy, anali atavutika masiku awiri osachira, mwana atagona chopingasa. Nesi anati pokhapokha akafike kuchipatala chachikulu kutsidya kwa Msandile, apo ayi sapulumuka. Lole inali itatsitsa kale, yopanda kanthu, injini ikulira pabwalo. Felister anagwada m'fumbi.

"Chonde, atate, ndi mng'ono wanga. Mungomutula kutsidya."

Langford analoza chikwangwani ndi kiyi. "Amai, mudziwa kuwerenga? Iyi ni lole ya chimanga, si ya anthu. Akanithirira magazi kumbuyoku, mawa ninyamulamo bwanji chakudya?"

Anapita. Peggy anamunyamula pa machira a nsungwi, ndipo anamwalira pansi pa mtengo wa mvunguti atatsala pang'ono kufika kumtsinje, iye ndi mwana yemwe. Pamene ankamufunda chitenje kumaso, mapazi a matayala a lole ija anali akuonekabe pambali pake. Pamaliro Felister sanalire kwambiri, mpaka amayi ena ananong'onezana kuti ndi wouma mtima. Sanadziwe kuti misozi yake anaisunga ngati mbewu. Ankamuda Langford podzuka, ankamuda pogona, ndipo nthawi iliyonse akamva dzina lake pawailesi ankasindikiza chala pa batani mpaka chikhadabo kuyera. Mlandu suola.

Unafika Disembala. Kudepoti kunatsala ulendo umodzi wa ku Nsefu, matumba mazana awiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi wotsiriza. Pa Msandile panalibe mlatho, magalimoto ankangowoloka pamchenga. Mtsinjewo ukadzaza, kwatha, galimoto siidzaonekanso mpaka Epulo. Chimanga chimenecho chikalephera kuwoloka, ku Nsefu kukanakumbidwa manda ambiri chisanache cha m'munda.

M'mawa wa tsikulo kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo konamizira. Felister atatsegula wailesi anamva mawu a Adamson, mlangizi wa kumtunda uja.

"Nsefu, Nsefu, munimva? Ova."

"Nikumvani, a Adamson. Mwauka bwanji? Ova."

"Tauka, koma sitinagone. Mvula yagwa kuno usiku wonse, Msandile wadzaza mpaka watenga madimba. Madzi afika kwanu cha m'ma fotini awazi, thu koloko masana, akachedwa fifitini. Uzani a kudepoti kuti lole isalowe mumchenga. Ova."

Munthu wobadwira m'chigwa amadziwa zimenezi asanayambe sukulu: Msandile sadzaza ndi mvula ya pamutu pako. Amadzaza ndi ya kumapiri, ndipo amabwera dzuwa likuswa mtengo. Mlendo amayang'ana kumwamba, mwini dziko amafunsa za kumtunda.

Felister anayang'ana cholankhulira chimene chinali m'manja mwake. Ganizo loyamba linabwera lokoma ngati uchi: osanena kanthu. Kungotseka wailesi, n'kumapita kukasesa. Koma ganizolo analilavula msanga, chifukwa lole ikapita ndi madzi, ipita ndi chimanga, ndipo ofa sakhala Langford. Anakumbukira ana amene ankabwera nawo pachipatalapo, miyendo ngati mapesi. Ayi, uthengawo aupereka, wonse, osachotsako liwu. Koma ndiwo imodzi yomweyo wina amaithira mchere, wina tsabola.

Ankadziwa kuti nthawi imeneyo madalaivala amakhala pakhonde la depoti akumwa tiyi, ndipo wailesi ya kumeneko imamveka mpaka kumsewu. Anaitana. Anayankha ndi Nchimunya Hamoonga, mkulu wa depotiyo, Mtonga wofatsa amene Chinyanja ankachiyenda mosamala ngati wowoloka pa mtengo umodzi. Felister anamuuza zonse monga anazimvera, mvula, madimba, nthawi.

"Ndiye tichite bwanji, amai Chulu? Ova."

"Lole ibwere, koma ikaime kutsidya kwanu. Ife tidzawolotsa tokha ndi thirakitala ndi pamitu." Anapumira pang'ono, kenaka anakweza mawu. "Muwauze bwino a Jere kuti ine Felister nati asayese. Mchenga wa Msandile si wa madalaivala ozolowera tara. Ufunika amuna odziwa, monga Benwell wa thirakitala. Iwo angoima, tidzawapatsa mpando pamthunzi. Ova."

Kumbali inayo kunamveka kuseka kwa amuna angapo, mpando n'kukhwekhwereza, kenaka mawu amene Felister ankawayembekeza.

"Iwe ka mai ka pa wailesi! Ine nayendetsa magalimoto kumigodi ya ku Nchanga iwe usanamere mano. Msandile nawoloka kangati? Sesa chipatala, za steringi usiye. Ova!"

"Namva, atate. Ine nangonena. Ova."

Nchimunya anayesa kuikapo mawu, kuti a Jere amvere anthu a kumeneko, koma Langford anati akaona yekha akafika. Felister anatsitsa cholankhulira. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Aliyense m'chigwamo anali atamumva akuchenjeza, ndipo palibe akanamuloza chala. Iye yekha ndiye ankadziwa chimene wachita, ndipo sanachite nacho manyazi.

Tsono inatsala ntchito yaikulu, yoti chimanga chisalipire mlandu wa mwini lole. Anaitana kumalo ogona alendo a kufupi n'kupempha thirakitala ndi ngolo yake. Iwo anali atamva zonse, ndipo anati Benwell anyamuka pompano, atenga ndi tcheni. Kenaka anatuluka panja n'kuyamba kumenya chitsulo cha tayala chopachikidwa pa mtengo, chimene ankaitanira anthu tsiku logawa. Anachimenya mpaka dzanja linachita dzanzi. Pofika masana, m'mphepete mwa Msandile munali anthu oposa zana, amayi ndi nkhata zawo, abambo ndi njinga zimene njala inawasiyira, ngakhale asilikali awiri a zanyama amene anaika mfuti zawo pansi n'kukwinya malaya.

Lole inatulukira kutsidya itangokwana wani koloko, ikubuula ndi katundu. Benwell, mnyamata wa ndevu zake, wa mawu ochepa, anathamanga kuwoloka mchengawo atanyamula ndodo. Atafika pakati anaizika pansi, ndipo inalowa mosavuta mpaka theka, n'kutuluka yonyowa. Kamvula ka sabata yapitayo kanali katafewetsa pansi, pamwamba pokha ndi pamene panali pouma. Anaikweza m'mwamba kuti dalaivala aione.

Langford anatsika, anayang'ana ndodoyo, anayang'ana kumwamba. Kenaka anayang'ana khamu la kutsidya, ndipo patsogolo pake anaona mayi wamfupi atapinda manja, pambali pake pali kampando kamene anachita kunyamula kuchokera kuchipatala.

"Madzi yake ali kuti?" anafuula. "Kapena abwera pa wailesi?"

Anakwera, anaponda mafuta. Kunena zoona munthuyo ankadziwa ntchito yake, ndipo kwa kanthawi Felister mtima unamuima poganiza kuti awoloka. Lole inadutsa pakati, inapitirira pang'ono, anthu n'kuyamba kukuwa. Kenaka matayala a kumbuyo anazungulira pamalo amodzi, akuponya mchenga wakuda. Langford anabwerera m'mbuyo, anapitanso kutsogolo, ndipo ulendo uliwonse ankadzikumbira yekha. Pamene anazimitsa injini, lole inali itakhala pamimba ngati nkhuku yofungatira.

"Kokani!" anauza Benwell. "Manga tcheni!"

"Na katundu yonse iyi singasunthe, mudala," anayankha Benwell. "Titsitse poyamba."

Palibe anadikira kuuzidwa kawiri. Abambo anayi anakwera pamwamba n'kumatsitsa, thirakitala inabwera chobwerera mpaka pamene mchenga unali wolimba, ngolo n'kudzaza, n'kupita, n'kubweranso. Amayi ankasenza thumba awiriawiri, ena okha, anthu amene kwa miyezi itatu ankadya kamodzi patsiku. Felister sanaime pambali ngati kapitawo. Anasenza nawo mpaka khosi linauma, ndipo nthawi iliyonse akadutsa pafupi ndi Langford, amene ankakumba pansi pa tayala ndi manja, sankamuyang'ana n'komwe.

Itadutsa thu koloko, kamphepo kozizira kanatsika ndi mtsinje. Kananunkhira dothi lonyowa. Agogo ena amene ankalondera matumba pamtunda anaimirira n'kunena liwu limodzi lokha, "Abwera," ndipo anthu anayamba kuthamanga ndi katundu pamutu. Posachedwa kunamveka mkokomo kumtunda, kenaka pakona panatulukira lilime la madzi ofiira likukankha thovu, zinyalala ndi mapesi a m'madimba a anthu ena. Silinkathamanga. Linkangobwera ngati mwini malo.

M'lole munatsala matumba pafupifupi makumi atatu. Madzi anafika m'mapazi, kenaka m'akakolo. Benwell anabweza thirakitala komaliza, ndipo apa panali pofunika kusankha, chifukwa nthawi inali ya ulendo umodzi basi: kumasula ngolo n'kumanga tcheni ku lole, imene tsopano inali yopepuka ndipo mwina ikanatuluka, kapena kudzaza ngolo ndi matumba otsalawo. Langford anagwira tcheni ndi manja awiri. Kenaka, pamaso pa anthu onse, bambo wa imvi zake anagwada m'madzi.

"Chonde, ni yokhayi nili nayo. Chonde!"

Benwell anatembenukira kwa Felister, poti ndiye anaitana thirakitala. Onse anatembenukira kwa iye. Felister anayang'ana munthu wogwadayo, ndipo anamva kukoma kumene anakudikira miyezi itatu, kukoma kotentha kotsika mpaka m'mimba.

"Chimanga," anatero.

Anaponya matumba m'ngolo madzi ali m'mawondo. Asanu ndi limodzi anawalephera, chifukwa Benwell anati akachedwanso pang'ono thirakitala ya eni ake itsala pomwepo. Asilikali a zanyama aja anamukoka Langford m'khwapa n'kumutulutsira kutsidya la ku Nsefu, lomwe linali pafupi, nsapato imodzi itapita.

Msandile sanachite phuma ndi loleyo. Anayamba ndi kudya mchenga wa pansi pa matayala, lole n'kupendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera amene akufuna kukhala pansi mwaulemu. Madzi analowa pazenera. Chitseko cha chikwangwani chija chinamira, ndipo pofika folo koloko pankangooneka denga la buluu, mtengo wa mkuyu wozulidwa kumtunda utakodwa pamenepo. Felister anaonerera zonse osaphethira. Koma matumba asanu ndi limodzi aja anamukhala pakhosi. Anali mabanja asanu ndi limodzi, ndipo ankadziwa kuti sanawataye Langford yekha. Anazimeza zimenezo, n'kuziika pambali kuti adzazione tsiku lina.

Thirakitala inayenda maulendo angapo kutula chimanga kuchipatala, mtunda wa maola awiri poyenda pansi. Pa ulendo wotsiriza ngolo inadzaza, matumba ochepa n'kutsala oti anthu asenze. Langford, amene nthawi yonseyi anakhala pa kampando kaja mutu uli m'manja, anaimirira n'kugwira m'mphepete mwa ngolo kuti akwere.

"Atate," anatero Felister mofatsa, "iyi ni thirakitala ya chimanga, si ya anthu."

Anadikira kuti mawuwo amulase. Langford anangomuyang'ana ndi maso ofiira, osaonetsa kuti wawamvapo kwina. Anasiya ngolo.

Mayi wina wa m'komiti yogawa, wosadziwa n'komwe za mlanduwo, anamuuza lamulo limene aliyense ankalitsata chaka chimenecho, lakuti chimanga cha thandizo amadya ndi wogwira ntchito. "Mtsinje uyu sutsika lero kapena mawa, abambo. Mukhala kwathu. Ngati mufuna kudya, senzani."

Anamusenzetsa thumba paphewa. Anayenda motsimphina, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina likupsa ndi dothi, Felister akumutsata pambuyo ndi lake pamutu. Sanapite patali. Atafika pamthunzi woyamba, pansi pa mtengo wa mvunguti, Langford anagwetsa thumba n'kukhalira, akupuma ngati ng'ombe yolima. Felister anatula lake. Anayang'ana pansi, pamalo pamene udzu unali usanamerebe.

"Lalemera?" anafunsa.

"Lifuna kunipha."

"Peggy sanali kulemera kufika apo. Njala inamudya, ngakhale na mimba yake munthu m'modzi akanatha kumunyamula. Lole yanu siikanamva na kumva. Anafera apa pamene mwakhala."

Langford anapukuta thukuta ndi mkono, anayang'ana mtengowo, anayang'ana Felister. Pankhope pake panalibe mantha, panalibe manyazi, panalibe ngakhale bodza.

"Peggy ni ndani?"

Felister anamva ngati wamenyedwa pachifuwa. Miyezi itatu yonseyi ankakhulupirira kuti katunduyu akusenza awiri, kuti usiku munthuyu amaona nkhope ya mayi wogwada m'fumbi. Koma iye anangodutsa, monga lole imadutsira nkhuku pamsewu. Lole yamira, bambo wagwada m'madzi, ndipo mwini wake akuyesa kuti ndi tsoka chabe. Mkwiyo umene ankaganiza kuti wapita ndi Msandile unabwerera wonse, wozizira tsopano.

Anawerama, anagwira thumba la Langford kumakona n'kuliimika.

"Senzani," anatero. "Njira ikali itali, ndipo mtsinje sutsika sabata ino. Mudzamudziwa."

Anamuthandiza kuliika paphewa, anasenza lake, ndipo atayamba kuyenda anabwera pafupi kwambiri kumbuyo kwake kuti liwu lililonse limveke. Anayambira pa tsiku limene Peggy anabadwa.